Madzi Amene Amalume Anameza

Dzulo tinapita kukalambula manda a amalume anga, a Jeremiyasi Lungu, chifukwa latha chaka chimwalirire. Udzu unali utafika m'mawondo. Amayi anapalira mpaka kumaliza, ndipo pobwerera anangoti achimwene awowo akanationa tikupalira nthaka yonyowa chotero akanatidzudzula. Ndaganiza zolemba za iwo m'kaderno muno tchuthi cha feriya chisanathe, chifukwa ndikabwerera ku sikola ku Fíngoè ndidzatanganidwa, komanso anthu kuno ku Chiputo ayamba kale kuwasimba mosiyana. Ena akuti anali munthu woyera mtima. Ena akuti anapha mwana ndi chakukhosi. Onsewo amayambira pa chinthu chimodzi, madzi amene amalume anameza. Ine ndiyambira pa ng'ombe, chifukwa amene sanawaone ali ndi ng'ombe sangamvetse za madziwo.

Amalume anali animadori wa kapela yathu, ndiye kuti munthu wotsogolera mapemphero Lamulungu, popeza padiri amafika kuno kawiri kapena katatu pa chaka, msewu ukalola. Masiku ena onse anali munthu wa ng'ombe. Ankasema magoli ndi kuphunzitsa ng'ombe kukoka sharuwa, khasu la ng'ombe lija. Pamene tinkabwera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ife tinakwera kamiyau, galimoto lalikulu la katundu, koma iwo anayenda pansi masiku ambiri akukusa ng'ombe ziwiri zimene anazipeza polimira anthu kumeneko. Imodzi anaitcha Pasensiya, inayo Bwerera. Titafika tinapeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba zathu, kapela itatsala makoma okha, ndipo m'mbali mwa njira munali miyala yopakidwa zofiira yotiuza posaponda chifukwa cha mabomba okwiriridwa. Ng'ombe za mudzi wonse zinali zitatha. Ziwirizo ndi zimene zinatsegula minda yathu.

Pasensiya inali yomvera. Bwerera inali ndi khalidwe loipa: ikatopa kapena ikangoipidwa, inkagona pansi pakati pa mzere, goli lili pakhosi. Anthu ena ng'ombe ikatero amailuma mchira kapena kuitseka mphuno kuti idzuke. Amalume sankalola. Ankakhala pa mzere, n'kutulutsa fodya wawo wa mphuno, n'kudikira, mwini munda akupsa mtima poona dzuwa likukwera. Ankati ng'ombe yodzutsidwa ndi mano imalima mokhota tsiku lonse. Ankatiuzanso kuti tiziyang'anitsitsa mmene ng'ombe imadzukira: imayamba ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo ili chogwada. Ikafika pamenepo osaikuwiza ayi, chifukwa ukaikuwiza imagonanso.

Katekisimu wawo yense ankachokera kukhola. Ankati mutu ndi mtima ndi ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Mutu umamva mawu a Mulungu msanga ndipo umafuna kupita, koma mtima umatha kugona mu mzere. Munthu amene amalima ndi mutu wokha amakoka inayo pansi mpaka goli kuthyoka, ndipo amene amangomvera mtima sadzalima n'komwe. Zimene timamva m'thupi, monga mkwiyo, mantha, chisoni ngakhale chimwemwe, ankaziyerekeza ndi ntchentche. Ntchentche siyendetsa sharuwa, ankatero, koma ukaona zikusonkhana malo amodzi pa ng'ombe, kayang'ane, pali bala. Amayi ankawaseka kuti ng'ombe zawo zikudziwa katekisimu kuposa ana a m'mudzi, ndipo tsiku lina padiri adzazibatiza.

Sanali munthu wophweka. Sindikumbuka kuti ndinawamva akuseka mokweza, ndipo sindinawaone akulira, ngakhale pa maliro. Anakangana nthawi yaitali ndi amayi a kwaya, amene anabwera kuchokera kumsasa ndi kapempheredwe kolira ndi kugwa pansi. Iwo ankati misozi si muyeso wa chikhulupiriro, munthu akhoza kulira Lamulungu n'kuba mbuzi Lolemba. Mayi wotsogolera kwaya anawayankha pamaso pa anthu kuti nawonso mwala suba mbuzi, koma sukalowa kumwamba. Sanayankhulane mwezi wathunthu. Pambuyo pake amalume anapita okha kukapepesa, nati anaweruza misozi ya anthu chifukwa chakuti yawo inauma.

Chimene mlendo aliyense ankachiona msanga mu kapela mwathu ndi ichi. Amalume ankatsogolera pemphero lija limene Ambuye anatiphunzitsa ndi mawu amphamvu, mpaka popempha kuti Mulungu atikhululukire zolakwa zathu. Akafika pa mawu otsatira, onena kuti ifenso timakhululukira otilakwira, ankatseka pakamwa. Ankayambiranso pa mawu opempha kuti tisalowe m'mayesero. Poyamba anthu ankasokonezeka ndipo pemphero linkaduka. Kenaka tinazolowera kukweza mawu pamalo amenewo kuti titseke mpatawo. Ana tinkagwedezana zigongono tikayandikira. Aliyense ankadziwa chifukwa chake, koma panalibe wochitchula.

Chifukwa chake anali Bentu, mwana wa a Nabanda. Amalume ndi amene anamuimirira pa ubatizo, choncho iye ankawatcha padirinyu, ndipo anakula akulowa m'nyumba mwawo ngati mwana wapakhomo. Nthawi ya nkhondo, tisanathawe, azimayi ndi ana ankabisala m'phanga la paphiri lakuseri kwa mudzi akamva mfuti. Tsiku lina anthu a mfuti anamugwira Bentu kudimba, ali wamsinkhu umene ndili nawo ine pano. Anamumenya mpaka anawaonetsa njira ya kuphangako. Akazi a amalume, a Anastaziya, ndi ana awo awiri aakazi anali pakati pa amene sanabwerere. Amalume anali atapita kukafuna mchere. Anakawapeza okha, nawaika okha. Bentu anatengedwa ndi anthu aja, poyamba akunyamula katundu, pambuyo pake mfuti.

Iye anabwera kumudzi patatha chaka ife titafika. Abale ake anamuchitira zimene mabanja onse ankachitira obwera kuthengo: anamusambitsa kumtsinje, anawotcha zovala zake, ndipo anamuuza kuti za kumeneko asazitchulenso. Mudzi wonse unkakhala motero. Anthu ankatunga pa chitsime chimodzi ndi amene anawawotchera nkhokwe, osanena kanthu. Koma akuluakulu anati pakati pa Bentu ndi padirinyu wake pafunika madzi. Kwathu kuno anthu akalakwirana kwambiri, wolakwiridwa amamwa madzi pa chikho n'kuwalavulira pansi anthu akuona, kusonyeza kuti mumtima mwake simunatsale kanthu. Akapanda kutero, anthu amakhulupirira kuti chakukhosicho chimatsata wolakwayo mpaka kwa ana ake.

Anasonkhana m'mawa wina mvula isanayambe, pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi makoma a kapela. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndinakhala pafupi ndi amayi. Bentu anagwada, mutu uli pansi, nati analakwa ndipo alibe mawu ena. A Nabanda anapereka chikho kwa amalume ndi manja awiri. Iwo anamwa, masaya anatupa, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali akuyang'ana pansi pamene madziwo anayenera kugwera. Anthu anayamba kusuntha pa mikeka. Kenaka ndinaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika.

A Nabanda anawaitana ndi dzina limene kholo limaitanira woimirira mwana wake pa ubatizo.

"A kumpadiri, mwameza?"

"Ndameza."

"Kodi ku Zambia kuja munaiwalako mwambo?"

"Sindinaiwale, mayi. Ndikalavula ndinama, ndipo kapela ndi iyi."

Anatembenukira kwa Bentu, nayankhula motsitsa, moti a kumbuyo sanamve. "Iwe, sindikukufunira choipa. Mutu wanga ukudziwa kuti unali mwana ndi kuti anakumenya. Koma ndikakuona ndimaona phanga lija. Ndikati mulibe kanthu muno, ndinamiza iwe, ndinamizanso Mulungu." Anabweza chikho, natenga chipewa chawo, napita kukhola.

Mvula yoyamba inagwa patatha masiku ochepa. Ng'ombe zinali ziwiri zokha mudzi wonse, choncho aliyense ankafuna kulimiridwa koyamba, chifukwa wobzala mochedwa ndiye wa njala. Anthu anadzuka akudikira kuona kumene sharuwa ilowere. Inalowa m'munda wa Bentu. Amalume sanamupatse moni, sanalandire ngakhale madzi akumwa pakhomopo. Analima mpaka kumapeto, namasula ng'ombe, nachoka. Anachita zomwezo chaka chotsatira, ndi chinacho, mpaka chaka chimene anadwala. Munda wawo ankaulima pomalizira. Bambo wina woseketsa wa m'mudzi mwathu anawauza panjira kuti, "A Lungu, mudane nanenso, mwina n'kukolola." Amalume anangomufunsa ngati wakonza kale khola la mbuzi zake.

Ndikanakonda nkhani itathera pamenepo, koma siinathere. Bentu anakwatira mtsikana wa ku Chipera, ndipo mwana wawo woyamba, Rozita, anamwalira ndi malungo asanayambe kuyenda. A Nabanda anabwera pakhomo pa amalume masana, anthu akuona, nakhala pansi m'fumbi. Sanakuwe. Anangoti madzi aja afika, ndipo anafunsa ngati a kumpadiri akhuta tsopano kapena akudikira wachiwiri. Anawapeza amalume akupala kale matabwa a bokosi la mwanayo, matabwa amene anasungira chitseko cha kapela. Iwo ndi amenenso anatsogolera mapemphero kumanda, ndipo pamalo aja anatsekabe pakamwa. Tsiku limenelo anthu sanakweze mawu. Mpatawo unamveka wonse.

Titabwerako kumanda amayi anawatsatira amalume kunyumba kwawo, ine ndili m'mbuyo. Sindinawaonepo amayi akuyankhula ndi achimwene awo motero.

"Achimwene, madzi ndi madzi. Lavulani anthu apume. Choonadi chanuchi ndani akudya?"

"Mlongo wanga, mwana uja wafa ndi malungo."

"Ndikudziwa. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Bentu sakudziwa."

Amayi anapitiriza kuti amalume akusamala kuti asaname kwa Mulungu, koma mtengo wa kusanamako akulipira ndi mnyamata amene analipira kale ndi ubwana wake. Anati mwina kumeneko ndi kunyada kovala malaya a chilungamo. Sabata yomweyo amalume anatenga chikho chawo, nayenda mpaka m'mphepete mwa bwalo la Bentu. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka anabwerera, chikho chili chodzaza.

Ku sikola tinaphunzira kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ndipo ndikukhulupirira zimenezo. Koma mkazi wa Bentu atakhalanso ndi pakati, makolo ake anabwera kudzamutenga, nati sadzabwerera ku Chiputo mpaka madzi aja atalavulidwa. Anachirira ku Chipera, mwana wamwamuna, ndipo anakhala komweko. Bentu ankayenda ulendo wautaliwo kukaona mwana wake ngati mlendo, n'kubwerera kunyumba yopanda moto. Mpaka lero sindidziwa ngati amalume anachita bwino. Ndikudziwa kuti sanali onama, ndikudziwanso kuti kusanama kwawoko kunasiya munthu wopanda banja.

Iwo eni ankadziwa zimenezi. Padiri atabwera m'chilimwe, amalume anamupempha kuti awachotse pa udindo, nati munthu wodumpha mawu m'pemphero sayenera kuima kutsogolo. Anakambirana panja pa khola, amayi ali pomwepo, osati mu kulapa ayi. Padiri anati kukhululuka kumakhala m'kufuna ndi m'kuchita, ndipo kumva bwino mumtima kumabwera pambuyo ngati fumbi lotsatira ngolo. Anati munthu amene walimira mdani wake zaka zonsezi wakhululuka kale, angotsegula pakamwa. Amalume anamvetsera zonse, navomera kuti palibe cholakwika m'mawuwo.

"Padiri, mawu anuwo Pasensiya wamva," anatero. "Bwerera akadagona."

Padiri anaseka, koma ataona kuti iwo sakuseka anafunsa chimene akuchita ndi ng'ombe yogonayo. Anayankha kuti saimasula pa goli ndipo sailuma mchira. M'mawa uliwonse potsegula khola ankatchula dzina la Bentu pamaso pa Mulungu ndi kumupempherera zabwino, ngakhale kuti m'kamwa munkawawa ngati wamwa khungwa la muwawani. Anati chaka choyamba ankafuna kumuona Bentu atafa. Chinacho sankafunanso zimenezo, koma sankatha kumuyang'ana. Tsopano ankatha kuyang'ana manja ake, nkhope ayi. Anati kukula kwa munthu mwa Mulungu kuli ngati mzere wa sharuwa, suuona ukamayenda, umauona ukacheuka. Padiri anakana kuwachotsa. Anati mpingo umene ukunyamulira mtsogoleri wake mawu amene iye sangathe ukuphunzira chinthu chimene padiri sangauphunzitse pa ulaliki.

Chifuwa chinawagwira amalume chaka chatha mvula itangoyamba. Chaka chimenecho sanathe kugwira sharuwa, ndipo anatumiza uthenga kuti Bentu adzatenge ng'ombe, ayambe ndi munda wake monga mwa nthawi zonse. Ine nditafika ku feriya ndinawapeza atatha, mafupa okhaokha pa mphasa. Anatuma munthu wa njinga kukaitana padiri ku Fíngoè, koma anabwerera pamtsinje, madzi atadzaza mpaka m'mitengo. Amalume atamva anangoti Mulungu safunika mlatho.

Tsiku lomaliza kunali mvula ya mawawa kuyambira m'mawa. Chakumasana a Nabanda analowa ndi chikho, Bentu ali m'mbuyo mwawo. Iye anaima pakhomo, popeza anali asanalowe m'nyumba imeneyo chibwerere kuthengo. A Nabanda anagwada pafupi ndi mphasa. Sanabwere ndi mkwiyo tsiku limenelo, anabwera ndi mantha. Anati a kumpadiri akapita nazo kumanda, mdzukulu wawo sadzaponda pa Chiputo, ndipo anawapempha m'dzina la ubatizo uja kuti angonyowetsa milomo n'kulavula, ngakhale dontho limodzi.

Amalume sanayang'ane chikho. Anati, "Bentu, lowa."

Analowa, nagwada. Amalume anamuuza kuti ayandikire, kenaka anakweza maso namuyang'ana kumaso. Ndinali pamenepo ndipo ndinaona. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuwerenga kalata yovuta. Bentu sanathe kupirira, anafuna kuweramitsa mutu, koma iwo anamugwira chibwano.

"Wakalamba, mwana wanga," anatero.

"Padirinyu, mwandikhululukira?"

Amalume anati, "Sindikunamiza lero, pakuti sindinakunamizepo. Ng'ombe ija yadzutsa miyendo yakumbuyo. Yagwada."

A Nabanda sanamvetse, ndipo anakankhiranso chikho kutsogolo. Koma Bentu anali atalima ndi Bwerera mwezi wathunthu. Anawalanda amayi ake chikhocho mofatsa, nati, "Amayi, ikagwada osaikuwiza." Anaviika chala m'madziwo n'kunyowetsa milomo ya amalume, imene inali itang'ambika ndi kutentha thupi. Anachita zimenezo mobwerezabwereza mpaka dzuwa litapendeka, pamene iwo anasiya kupuma. Madziwo sanalavulidwe. Mawu aja a m'pemphero sanawanene.

Maliro atatha Bentu anadikira mtsinje kuphwa, napita ku Chipera. Sindikudziwa zimene anakauza apongozi ake. Anabwera ndi mkazi wake ndi mwana, amene tsopano akuthamanga pabwalo. A Nabanda amamumangabe mwanayo kachingwe ka mankhwala m'chiuno ndipo amati nkhani ija sinathe bwino. Mwina akunena zoona. Ine ndikaganiza za zaka zonsezo, kuchokera pa kufuna munthu atafa mpaka kumugwira chibwano, ndimaona kuti mzerewo unali wautali ndipo sunakhote. Ndimakhulupirira kuti Mulungu amene anawadikira zaka zonsezo sanawakuwize pamapeto.

Nyumba ya amalume tsopano denga lagwa mbali imodzi, ndipo nkhuku zikuikira m'kati. Pansi pa mtengo pamene ankasemera pali goli limene sanalimalize, mabowo awiri aboola, awiri ayi, ndipo chiswe chayamba kulikuta. Ng'ombe zili kwa Bentu. Bwerera imagonabe mu mzere, ndipo iye amakhala pansi n'kuidikira, eni minda akung'ung'udza. Kapela ilibe chitseko mpaka lero. Animadori watsopano ndi mnyamata wowerenga bwino, ndipo pemphero lija amalinena lonse osadumpha kanthu. Koma Lamulungu lapitali ndinamvetsera, ndipo titafika pamalo aja mpingo wonse unakwezabe mawu, ngati kutsogoloko kukadali munthu wofunika kumunyamula.